Kayezedwe ka BFE: momwe mungadziwire ngati masiki ikusefadi mabakiteriya

Dandaulo la anthu amene angoyamba kumene kuyeza BFE (Bacterial Filtration Efficiency, peresenti ya mabakiteriya amene nsalu ya masiki yawagwira) limakhala lofanana. Masiki ndi yomweyo, bokosi ndi lomwelo, koma Lolemba yatulutsa 99 peresenti, Lachinayi yatulutsa 96. Chala chimathamangira kuloza masiki. Kawirikawiri masikiyo siikhala ndi mlandu. Cholakwa chimakhala pa nkhungu ya mabakiteriya imene mukuipopera: timadontho takula kapena tachepa, mabakiteriya achuluka kapena aperewera, mpweya ukuthawira pena pake. Mukalephera kuigwira nkhunguyo kuti izikhala chimodzimodzi nthawi zonse, nambala imene mwalemba pa lipoti siikunena chilichonse za masikiyo.

Malangizowa akutsata njira ya mu muyezo wa ku America wa ASTM F2101 ndi ya mu Annex B ya muyezo wa ku Ulaya wa EN 14683. Njira ziwirizi n'zofanana pafupifupi paliponse, ndipo pamene zasiyana ndinenapo. Khalanibe ndi chikalata cha muyezo umene kasitomala wanu wapempha pa tebulo, chifukwa ndi chimene lipoti lanu lidzaweruzidwire.

Zimene mufunika

- Labotale ya BSL-2 (mlingo wachiwiri wa chitetezo ku tizilombo) yokhala ndi kabati ya biosafety, magolovesi, gawuni ndi magalasi oteteza maso
- Mabakiteriya a Staphylococcus aureus (S. aureus), a mtundu wa nambala ATCC 6538
- Tryptic soy broth (msuzi woleramo mabakiteriya), tryptic soy agar (chakudya chawo cholimba chothira m'mbale) ndi madzi a peptone
- Impactor ya Andersen ya magawo 6 (chipangizo chogwetsera timadontho pa mbale motsata kukula kwake), pamodzi ndi mbale za Petri zoyenerana nayo
- Chubu chagalasi chosakanizira nkhungu, chotalika 600 mm, chotambalala 80 mm
- Nebulaiza (chopangira nkhungu), komanso pampu ya sirinji yothirira madzi a mabakiteriya pang'onopang'ono
- Pampu yokoka mpweya ndi mita ya mpweya yoti yayesedwa posachedwa
- Chopanira masiki chokhala ndi mphira zake
- Kabati yosunga kutentha ndi chinyezi
- Inkyubeta, autoclave (chophera tizilombo ndi nthunzi), wotchi yowerenga masekondi, lumo kapena sizasi yoyera
- Tebulo la Andersen lokonzera chiwerengero cha timabowo

Werengani mbale musanayambe. Ulendo uliwonse woyendetsa makina umadya mbale 6. Zitsanzo 5, ma control (maulendo oyerekezera) awiri opanda masiki ndi control imodzi ya mpweya wokha ndi maulendo 8, kutanthauza mbale 48. Thirani zoposa pamenepo, chifukwa ina imang'ambika, ina imamera chuku.

Tsiku loyamba: kukonza zonse

1. Thirani agar mofanana. Apa ndi pamene anthu amachita mwachisawawa, poganiza kuti mbale ndi mbale basi. Mu impactor, kukhuthala kwa agar ndiko kumakonza mpata wa pakati pa timabowo ndi pamene timadontho tikugwera. Agar ikachuluka mpatawo umachepa, ikachepa mpata umakula, ndipo timadontho timakagwera pa gawo losayenera. Mbale zagalasi za Andersen zimalandira 27 mL. Ngati mukugwiritsa ntchito zapulasitiki, tsatani muyeso umene wopanga impactor yanu walemba. Thirani ndi pipeti kapena chothirira choyeza, osati ndi maso, ndipo tebulo likhale losapendekeka. Zisiyeni ziume mpaka pamwamba pasakhale madzi onyezimira.

Chenjezo: mbale yonyowa imamwaza mabakiteriya, timagulu timalumikizana, osawerengekanso. Mbale youma kwambiri nayonso imapha ena mwa mabakiteriya ikawombedwa ndi mpweya.

2. Dzalani mabakiteriya. Ikani S. aureus mu tryptic soy broth, muziigwedeza pang'ono pa madigiri 37 ± 2 kwa maola 24 ± 2. Tengani kuchokera ku mbewu yosungidwa bwino, osati pa mbale yakale imene yakhala ikusamutsidwa mwezi ndi mwezi. Malabotale ambiri salola kupyola maulendo 5 osamutsa kuchokera ku mbewu yoyambirira. Dzalaninso pang'ono pa mbale ina kuti muone ngati mwamera mtundu umodzi wokha: timagulu tozungulira, tosalala, tachikasu cha golide.

3. Dulani zitsanzo. Tengani mamasiki osachepera 5 kuchokera mu gulu limene mukuyeza. Chitsanzo chilichonse chikhale chosachepera 100 mm m'litali ndi m'lifupi, ndipo chikhale ndi nsalu zonse za masikiyo monga momwe zasanjikirana. Tambasulani mapindo kuti chigone chathyathyathya, koma osachikoka. Pewani kawaya ka pamphuno ndi m'mphepete momwe nsalu zamatidwa. Ikani kachizindikiro pakona posonyeza mbali yoyang'ana kunkhope, chifukwa mukadula zingwe mbali ziwirizi zimasokoneza, makamaka pa masiki yoyera konsekonse.

Chenjezo: musapukute chitsanzo ndi spiriti poganiza kuti mukuchiyeretsa. Nsalu yapakati ya mamasiki ambiri ndi polypropylene ya meltblown, imene imagwira tinthu tina ndi mphamvu ya magetsi okhala mu ulusi wake. Spiriti imachotsa mphamvuyo, ndipo mudzakhala mukuyeza masiki imene mwaiononga nokha.

Tsiku lachiwiri: kuyeza

4. Zoloweretsani zitsanzo chinyezi. Zikhale mu kabati pa madigiri 21 ± 5 ndi chinyezi cha 85 ± 5 peresenti kwa maola osachepera 4. Chinyezichi chikuimira mpweya wonyowa wotuluka m'kamwa mwa munthu. Muzitulutsa chimodzichimodzi pamene nthawi yake yakwana. Kutulutsa zonse 5 n'kuziyala pa tebulo ndi kutaya maola anayi aja, popeza chomaliza chidzakhala chitauma kale.

5. Sungunulani mabakiteriya. Sakanizani broth ija ndi madzi a peptone mpaka ifike pafupifupi 5 × 10⁵ CFU pa mL (CFU ndi chiwerengero cha timagulu ta mabakiteriya tomera pa agar). Nambalayi ndi poyambira chabe. Chimene mukusaka ndi chakuti control yopanda masiki itulutse CFU zapakati pa 1,700 ndi 3,000, ndipo nebulaiza iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Igwedezeni bwino ndi makina ogwedezera a vortex musanaikoke mu sirinji. Staphylococcus amakula mounjikana ngati phava la mphesa, ndipo dzina lake lachigiriki likunena zomwezo. Phava lonse likagwera pa agar limamera kagulu kamodzi. Likaphwanyika pakati pa ntchito, maulendo omaliza amaoneka ngati alandira mabakiteriya ambiri kuposa oyamba. Dzalaninso madziwa pa mbale zapadera kuti mawa mudziwe mphamvu yake yeniyeni.

6. Mangani makina ndi kuyesa mpweya. Nyamulani gawo lililonse la impactor, muliyang'anitse kuwala. Timabowo tonse tizioneka ngati nyenyezi. Gawo la 5 ndi la 6 ndi amene timabowo take n'tating'ono kwambiri, ndipo kachidutswa ka agar youma kamatseka mosavuta. Onani mphira za pakati pa magawo ngati zili zonse, zosang'ambika. Ikani mbale zopanda zivindikiro, iliyonse italembedwa pansi nambala ya ulendo ndi ya gawo. Musalembe pa chivindikiro, zivindikiro zimasinthana.

Yatsani pampu ndi kukonza mpweya ufike malita 28.3 pa mphindi, mbale zili mkati. Nambala yachilendoyi ndi kiyubiki futi imodzi pa mphindi, liwiro limene A. A. Andersen anapangira chipangizochi pamene anachifotokoza mu 1958. Kukula kwa timadontho togwidwa pa gawo lililonse kumadalira liwiro limeneli. Likasintha, manambala onse a pa sitepe 12 sagwiranso ntchito.

Chenjezo: mita imene ili pafupi ndi pampu imatha kuonetsa 28.3 pamene mpweya wina ukulowera pa mphira yotha. Yesaninso pakhomo pa impactor. Manambala awiriwo akasiyana, pali pamene pakudontha.

7. Yendetsani control yoyamba yopanda masiki. Yatsani pampu yokoka mpweya poyamba, kenako nebulaiza ndi pampu ya sirinji. Poperani kwa mphindi imodzi. Zimitsani madzi a mabakiteriya, koma mpweya upitirire kukoka kwa mphindi ina imodzi kuti nkhungu yotsalira mu chubu ilowe yonse mu impactor. Zonse pamodzi mphindi 2. Gwiritsani wotchi, musawerenge mumtima.

Pano ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ntchitoyi imapweteka. Pa tsiku loyeza simuona kalikonse. Mbale zimatuluka mu impactor zili zoyera ngati momwe zinalowera, mwina ndi timaenje tosaoneka bwino pamene mpweya unawomba. Mudzadziwa ngati control yanu inali bwino patapita tsiku limodzi kapena awiri, zitsanzo za kasitomala zitatha kale. Ineyo ndinataya gulu lonse la zitsanzo chifukwa chodalira manambala a mlungu wapitawo nditasintha nebulaiza. Control inatulutsa zosafika 1,000, ndipo panalibe njira yozipulumutsira. Choncho musanakhudze chitsanzo chenicheni, khalani masiku angapo mukuyendetsa ma control okhaokha. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo, kaya mphamvu ya mpweya wa nebulaiza, kaya liwiro la sirinji, kaya kusungunula kwa mabakiteriya, n'kulemba. Mukapeza pamene chiwerengero ndi kukula kwa timadontho zikugwa mkati mwa malire masiku atatu otsatizana, lembani makonzedwe amenewo pa pepala, mulimate pa makinawo. Mukasintha chubu, nebulaiza kapena mbewu ya mabakiteriya, yambaninso.

8. Yezani zitsanzo. Chotsani mbale za control, vindikirani, ikani zatsopano. Panirani chitsanzo pakati pa chubu ndi gawo loyamba la impactor, mbali ya kunkhope ikuyang'ana kumene nkhungu ikuchokera. Zili choncho chifukwa masiki ya kuchipatala inapangidwa kuti igwire timadontho tochokera kwa woivala tisafike kwa wodwala. EN 14683 imafuna kuti malo oyezedwa akhale osachepera 49 cm².

Yatsani pampu ndi kuonanso mita. Masiki imatsekereza mpweya pang'ono, ndiye liwiro limatsika. Libwezeretseni pa 28.3 musanayambe kupopera. Kenako chitani ndendende monga pa sitepe 7: mphindi imodzi kupopera, mphindi imodzi mpweya wokha. Bwerezani pa chitsanzo chilichonse ndi mbale zatsopano.

Chenjezo: khwinya limodzi pansi pa chopanira ndi ngalande yodutsa nkhungu yosasefedwa. Mukaona chitsanzo chimodzi chatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake, kumbukirani momwe munachipanira. Nthawi yomweyo musapanikize mpaka nsalu kubooka m'mphepete.

9. Tsekani ndi ma control awiri. Mukatha chitsanzo chomaliza, yendetsani control yachiwiri yopanda masiki. Iyi ndi imene imakuuzani ngati nkhungu inasintha pakati pa ntchito. Pomaliza kokani mpweya wokha kwa mphindi 2, popanda madzi a mabakiteriya. Mbale za ulendo umenewu ziyenera kutuluka zopanda kanthu.

10. Ikani mu inkyubeta. Mbale zikhale chozondoka, pa madigiri 37 ± 2. ASTM F2101 imati maola 48 ± 4, pamene EN 14683 ya 2019 imalola kuyambira maola 20 mpaka 52. Ine ndimakonda kusuzumira pa maola 24 kuti ndione mbale zodzaza za control timagulu tisanakule n'kugundana, kenako kudzawerenga komaliza pa nthawi imene muyezo walamula.

Zikatero thirani mankhwala opha tizilombo mu chubu ndi mu nebulaiza, tsukani impactor, ndipo zitsanzo zoyezedwa, masirinji ndi broth yotsala zipite mu autoclave. Mpweya wotuluka mu pampu uzidutsa mu sefa. Mwapanga dala nkhungu ya S. aureus, isathere m'mapapo mwa mnzanu wa tebulo loyandikana.

Kuwerenga ndi kuwerengetsa

11. Werengani timagulu ndi kukonza chiwerengero. Pa gawo 1 ndi 2 lembani chiwerengero chenicheni chimene mwaona. Pa gawo 3 mpaka 6 zinthu n'zosiyana. Mukanyamula mbale ya control ya gawo 4 mudzaona timadontho tachikasu titandandalika m'mizere yozungulira, chithunzi chenicheni cha timabowo 400 ta gawolo. Bowo limodzi likhoza kudutsa timadontho tiwiri kapena titatu, tonse n'kugwera malo amodzi, n'kumera kagulu kamodzi. Ndiye chimene mukuwerenga ndi mabowo amene ameretsa, ndipo tebulo la Andersen limasandutsa nambalayo kukhala chiwerengero choyandikira chenicheni.

Kusiyanaku kumakula mbale ikamadzaza. Mabowo 50 amakhala pafupifupi 53. Mabowo 100 amakhala 115, mabowo 200 amakhala 277, ndipo mabowo 300 amakhala 553. Mukaiwala kukonzaku, control yanu imaoneka yaing'ono kuposa momwe inalili, ndipo masiki imalandira nambala yotsika yosayenera. Mbale ikayandikira 400, bowo limodzi lokha limasuntha chiwerengero kwambiri, ndipo ndi chifukwa china chosafunira nkhungu yochuluka mopyola malire.

Kagulu kamene kamera kunja kwa mizere ya mabowo, kapena ka mtundu wina, kalembeni padera. Nthawi zambiri kamakhala kochokera m'manja kapena mu mpweya wa m'chipinda.

12. Pezani kukula kwa timadontho. Izi zimawerengedwa pa ma control opanda masiki. Gawo lililonse lili ndi nambala yake mu µm (µm imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mm): 7.00, 4.70, 3.30, 2.10, 1.10 ndi 0.65. Chulukitsani nambala ya gawo ndi chiwerengero chokonzedwa cha gawolo, phatikizani zonse 6, gawani ndi chiwerengero chonse.

Tiyerekeze kuti control yapereka 150, 280, 520, 760, 420 ndi 70, zonse pamodzi 2,200. Kuchulukitsa kukupatsani 1,050, 1,316, 1,716, 1,596, 462 ndi 45.5. Kuphatikiza ndi 6,185.5. Kugawa ndi 2,200 kukupatsani 2.81 µm. Malire ndi 3.0 ± 0.3, kutanthauza kuyambira 2.7 mpaka 3.3, ndiye iyi yalowa, ngakhale ili chakumunsi.

Ikatuluka kunja kwa malire, ulendo wonse wa tsikulo wafa. Musaunyengerere. Timadontho tikakula, masiki iliyonse imaoneka yabwino. Tikachepa, masiki yabwino imagwa.

13. Werengetsani BFE. Tengani chiwerengero chapakati cha ma control awiri opanda masiki, chitcheni C. Chiwerengero chonse cha mbale 6 za chitsanzo chimodzi chitcheni T.

BFE = (C − T) ÷ C × 100

Ngati ma control apereka 2,200 ndi 2,400, C ndi 2,300. Chitsanzo chodutsitsa 31 chili ndi BFE ya 98.7 peresenti. Chodutsitsa 60 chili ndi 97.4. Pa C imeneyi malire a 98 peresenti ali pa timagulu 46, ndiye mutha kuona kuti timagulu towerengeka tokha ndi timene timasiyanitsa kupambana ndi kugwa. Pa mbale za zitsanzo werengani kawiri, ndipo ngati zili pafupi ndi malire, mnzanu awerengenso osamuuza zimene mwapeza.

Mu EN 14683, Type I imafuna 95 peresenti kapena kuposa, Type II ndi Type IIR zimafuna 98. Mu ASTM F2100, Level 1 imafuna 95, Level 2 ndi Level 3 zimafuna 98. Pa lipoti lembani nambala ya chitsanzo chilichonse pachokha, C, zotsatira za control ya mpweya wokha, kukula kwa timadontho, liwiro la mpweya, kukula kwa malo oyezedwa ndi mbali imene inayang'ana nkhungu.

Zolakwa zofala

Kubisa chitsanzo chogwa mkati mwa avereji. Zinayi zapereka 99, chimodzi 96, wina n'kulemba 98.4 kuti gulu lapambana. Chitsanzo cha 96 chija chikhoza kukhala chikukuuzani zoona za nsalu yopyapyala pena pake pa mpukutu wa meltblown, ndipo masiki yotereyi idzavalidwa ndi munthu weniweni m'chipinda cha opaleshoni. Ngati muli ndi umboni wolembedwa woti munachipanira molakwika, bwerezani ndi kulemba chifukwa chake. Ngati mulibe, nambalayo ikhale momwemo.

Kulemba 100 peresenti. Mbale zikatuluka zopanda kagulu, chimene mukudziwa n'chakuti pa mabakiteriya pafupifupi 2,000 palibe amene wadutsa pa mphindi imodziyo. Lembani kuti yapyola 99.9.

Kunyalanyaza kusiyana kwa ma control awiri. Yoyamba 2,900, yachiwiri 1,750, zonse zili mkati mwa malire, koma nkhungu inali ikutsika tsiku lonse. Zitsanzo zomaliza zinalandira zochepa, ndipo zidzaoneka bwino kuposa zoyamba popanda chifukwa. Yang'anani ngati mabakiteriya anakhazikika pansi mu sirinji, ngati muli thovu la mpweya mu kachubu, kapena ngati nebulaiza yayamba kutsekeka.

Kusokoneza dongosolo la magawo pomanga impactor mutatsuka. Zimachitika kuposa momwe anthu amavomerezera. Chizindikiro chake ndi mbale imodzi yodzaza thothotho pamene yotsatira ili pafupifupi yopanda kanthu.

Kugwiritsa mbale zongotuluka mufiriji. Zimachita thukuta mkati mwa impactor. Zitulutseni msanga zifike pa kutentha kwa m'chipinda.

Kupitiriza ngakhale control ya mpweya wokha yameretsa. Pa ma control odzaza timagulu tiwiri titatu sitisintha kanthu, koma pa chitsanzo chodutsitsa 5 okha timasintha zotsatira. Fufuzani gwero lake: chubu chosatsukidwa bwino, impactor yosapukutidwa pakati pa maulendo, kapena agar imene inali yoipitsidwa kale.

Cholakwa chomaliza chimachitika lipoti litatuluka kale mu labotale. Wogulitsa amatenga 99 peresenti ija n'kuilemba pa bokosi ngati kuti woivala watetezedwa ku 99 peresenti ya chilichonse chouluka mu mpweya. Inu amene munapanira chitsanzocho mukudziwa kuti munayeza kansalu kothinitsidwa mbali zonse, pa timadontho ta 3 µm. Pa nkhope ya munthu mpweya umazembera m'masaya ndi pamphuno, ndipo BFE siyeza zimenezo. Siyezanso kuvuta kwa kupuma, kumene EN 14683 imayeza padera; ya 2019 inaika malire a pansi pa 40 Pa/cm² kwa Type I ndi II, pansi pa 60 kwa Type IIR. Zopumira za N95 zimayesedwa ndi bungwe la ku America la NIOSH m'njira ina, pogwiritsa tinthu ta mchere tating'ono kwambiri pa malita 85 pa mphindi, ndiye manambala awiriwa sayerekezedwa. Ikani chiganizo chimodzi pansi pa lipoti chonena kuti zotsatirazi ndi za nsalu ya zitsanzo zimene munalandira zokha, pa timadontho ta kukula kumene mwalemba, ndipo kasitomala akafuna kuti muchichotse, kanani.